Lipoti la nkhani: mapempho anayi a malipiro pa wodwala mmodzi wa matenda a pilonidal

Ndimagwira ntchito yoika makhodi (manambala oimira matenda ndi ntchito za dokotala) ndi kuunika mapempho a malipiro m'gulu la madokotala a opaleshoni ku United States, ndipo failo imene ndikufotokoza pano inandipeza itatha kale miyezi yoposa itatu ikungopita ndi kubwerera pakati pa ofesi yathu ndi kampani ya inshuwalansi. Wodwalayo anali mnyamata wa zaka 23, woyendetsa galimoto yonyamula katundu, amene inshuwalansi yake inali ya kuntchito osati ya boma, koma mgwirizano wathu ndi kampaniyo unanena kuti pa za opaleshoni tizitsata malamulo a Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba. Zonse zimene zingamuzindikiritse ndazichotsa, ndipo masiku ndikuwawerenga kuyambira tsiku limene anafika koyamba, lomwe ndikulitcha tsiku 0, chifukwa pa nkhani iyi kuwerenga masiku ndiko kunagamula zambiri.

Matendawa amabwera m'mpata wa pakati pa matako, kumapeto kwa fupa la msana, pamene tsitsi lothothoka limaboola khungu n'kulowa mkati. Thupi limalimbana ndi tsitsilo ngati chinthu chachilendo, ndipo pamapangika kathumba, kamene madokotala amalemba kuti cyst, kapena kanjira kapansi pa khungu kotulukira kunja pa timabowo tating'ono, kamene amati sinus. Tizilombo tikalowamo pamachita chithupsa chodzaza mafinya, chomwe ndi abscess. Herbert Mayo anawafotokoza mu 1833, Hodges anawapatsa dzina lakuti pilonidal mu 1880 kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza tsitsi ndi chisa, ndipo atagwira asilikali ambiri a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Buie anawatcha matenda a Jeep mu 1944. Kwa woika makhodi mbiriyi ndi yongodziwa chabe, koma mawu atatu aja, cyst, sinus ndi abscess, ndiwo nkhani yonse, popeza ICD-10-CM, buku la makhodi a matenda la ku United States, imagawa matendawa panayi: L05.01 ndi kathumba kokhala ndi chithupsa, L05.02 ndi kanjira kokhala ndi chithupsa, L05.91 ndi kathumba kopanda chithupsa, ndipo L05.92 ndi kanjira kopanda chithupsa.

Pempho loyamba, limene linalipidwa

Pa tsiku 0 mnyamatayo anabwera ku ofesi ya adokotala akulephera kukhala pampando, ali ndi chotupa chofiira, chotentha, ndiponso thupi likuwotcha. Adokotala anamubaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, anang'amba chithupsacho kamodzi, anatulutsa mafinya ndi kamtolo ka tsitsi, anatsuka, kenaka analowetsamo kansalu kapachilonda n'kumanga bandeji. Pempho linatumizidwa ndi 10081 ya kung'ambako, 99203 ya kuonana ndi dokotala yokhala ndi modifier 25 (modifier ndi kanambala kowonjezera pa khodi, ndipo 25 imasonyeza kuti kuonanako ndi ntchito yapadera), ndi khodi ya matenda L05.0.

Silinafike n'komwe ku inshuwalansi, chifukwa kompyuta ya kampani imene imasefa mapempho asanapite inalibweza. L05.0 ndi khodi yokwanira m'buku la ICD-10 la World Health Organization, koma m'buku la ku United States, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2015 m'malo mwa ICD-9 ndi makhodi ake 685.0 ndi 685.1, yangokhala mutu wa gulu, ndipo siilipidwa popanda nambala yomaliza. Kalaliki anaikonza n'kuika L05.01, ndipo anachita bwino, chifukwa adokotala analemba kuti pilonidal abscess, mawu amene bukulo limawaika pansi pa L05.01. Ndiyenera kunena apa kuti pempho lobwezedwa pa khomo lotere silinaweruzidwe, choncho palibe apilo imene ingachitike pa ilo, pomwe masiku amene mgwirizano umapereka kuti pempho lifike amakhala akuwerengedwabe. Maofesi ambiri amataya ndalama pa mapempho oterewa chifukwa saoneka pa mndandanda wa okanidwa.

Litakonzedwa linalipidwa lonse, ndipo chifukwa chakuti linalipidwa palibe amene analiyang'ananso. Ine ndinalitsegula pofuna kudziwa pamene masiku a chisamaliro cha pambuyo pa opaleshoni, amene malipiro ake ali kale m'malipiro a opaleshoniyo, anayambira, ndipo ndinapeza kuti 10081 sinali yoyenera. Buku la CPT, la makhodi a ntchito za madokotala, lochokera ku American Medical Association, lili ndi makhodi awiri a kung'amba ndi kukhetsa kathumba ka pilonidal: 10080 imene imatchedwa simple, ndi 10081 imene imatchedwa complicated, koma mawu a makhodiwo sanena malire a ziwirizi. Adokotala anachonga complicated poganiza kuti kulowetsa kansalu m'bala kumakwanira, chizolowezi chimene anachitenga ku 10060 ndi 10061, makhodi a zithupsa wamba. Mabuku othandiza oika makhodi amayembekezera zambiri pa 10081, monga kudula ndi kuchotsa mnofu wina, kupala mkati mwa mphako, kutsegula tinjira tingapo, kapena kusokerera m'mphepete mwa bala kuti likhale lotseguka. Zolemba za tsiku 0 zinali ndi kung'amba kumodzi, kutsuka ndi kansalu basi, ndipo ine sindikanatha kuima pamaso pa wounika wa inshuwalansi n'kunena kuti imeneyo ndi 10081.

Khodi ya kuonana ndi dokotala, 99203, ndinaisiya momwe inalili, ngakhale ndinaiganizira kwa nthawi. Malangizo a NCCI, a makhodi amene angalipidwe limodzi, omwe amayendetsedwa ndi CMS, bungwe la boma loyang'anira Medicare, amanena kuti chigamulo chochita opaleshoni yaing'ono chili kale m'malipiro a opaleshoniyo, ndiponso kuti kukhala wodwala watsopano si chifukwa chokwanira choikira modifier 25. Komabe pano adokotala anachita zoposa kuyang'ana chotupa: anafufuza za kutentha kwa thupi, anayeza shuga, anapima kuti atsimikize kuti si chithupsa cha kumalo ochitira chimbudzi, chimene chikanakhala K61.0 ndi khodi ina ya opaleshoni, anayang'ana m'khwapa ndi m'mphechepeche ngati muli hidradenitis suppurativa, matenda ena a zithupsa za pakhungu, yomwe ndi L73.2, ndipo analemba mankhwala opha tizilombo chifukwa kufiira kunali kutafalikira pakhungu. Zonsezi zinalembedwa padera, ndipo zikanaima zokha ngakhale ndime ya kung'amba itachotsedwa.

Pempho lachiwiri

Pa tsiku 4 wodwala anabwera kudzachotsa kansalu ndi kusintha bandeji, ndipo ofesi inatumiza 99213, khodi ya kuonananso ndi dokotala. Inshuwalansi inakana ndi CO-97, kutanthauza kuti ntchitoyo inalipidwa kale mkati mwa ntchito ina, ndipo inakana molondola. Makhodi 10080 ndi 10081 onse ali ndi masiku 10 a chisamaliro cha pambuyo pake, choncho kuonana kulikonse kokhudza balalo mpaka tsiku 10 kumalembedwa ndi 99024, khodi yongosonyeza kuti wodwala anaonedwa, yopanda mtengo. Chimene chinandivuta kwambiri si kukanako, koma kuti pa tsikulo wodwala analipitsidwa gawo lake pa khomo. Zilembo CO zimatanthauza kuti ndalamayo ofesi iikhululuke malinga ndi mgwirizano, mosiyana ndi PR imene imaika udindo pa wodwala, ndiye kuti ndalama imene anapereka inayenera kubwezedwa kwa iye.

Opaleshoni yaikulu

Chithupsa chitaphwa, timabowo tinatsalabe ndipo tinkatuluka madzi, monga zimachitikira kawirikawiri, chifukwa kung'amba kumachotsa mafinya koma sikuchotsa gwero. Pa tsiku 44 adokotala anakambirana ndi wodwala n'kugamula zochita opaleshoni yochotsa zonse, ndipo kuonana kumeneku kunalipidwa popanda vuto ndiponso popanda modifier 57, imene imafunika pokhapokha chigamulo cha opaleshoni yaikulu chikachitika pa tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Opaleshoni inachitika pa tsiku 52 ku fiyeta ya chipatala, wodwala n'kutuluka tsiku lomwelo. Pempho linapita ndi 11772 ya kuchotsa matendawo ndi 14001 ya kusuntha chikopa potseka bala, zonse zili ndi modifier 58, ndi khodi ya matenda L05.01.

Zolakwika ziwiri zinaoneka msanga. Modifier 58 imauza inshuwalansi kuti opaleshoni yachiwiri, yokonzedweratu kapena yaikulu kuposa yoyamba, yachitika masiku a chisamaliro cha yoyamba asanathe. Masiku amenewo anali atatha pa tsiku 10, masiku 42 m'mbuyomo, ndipo kalaliki anaiika chifukwa chongoona kuti opaleshoni ziwirizo n'zapachibale. Inshuwalansi inakana ndi CO-4, kutanthauza kuti modifier siikugwirizana ndi khodiyo. Khodi ya matenda nayonso inangokopedwa kuchokera pa pempho loyamba, pamene lipoti la tsiku 52 linanena momveka kuti panalibe mafinya, koma timabowo titatu pa mzere wa pakati ndi tinjira tiwiri topatukira kumanzere. Umenewu ndi L05.92. Khodi ya matenda imafotokoza zimene dokotala anapeza pa tsiku la ntchitoyo, osati zimene wodwala anabwera nazo masabata asanu ndi awiri apitawo, ndipo apa kusiyanako si kwa pepala chabe: wounika amene waona L05.01 amayembekezera kuwerenga za chithupsa, ndipo akapanda kuchipeza amayamba kukayikira lipoti lonse.

Ofesi inachotsa modifier n'kutumizanso, inshuwalansi inaitanitsa zolemba, ndipo wounika wake anatsitsa 11772 kukhala 11771 ndi chifukwa cha CO-150, chakuti zolemba sizikuchirikiza mlingo wa ntchitoyo, n'kukaniratu 14001. Apa ndi pamene failo inaperekedwa kwa ine, ndi pempho la adokotala lakuti ndichite apilo pa zonse ziwiri.

Makhodi a kudula ndi kuchotsa kathumba kapena kanjira ka pilonidal ndi atatu: 11770 ya simple, 11771 ya extensive, ndi 11772 ya complicated. Yoyamba ili ndi masiku 10 a chisamaliro, pamene zinazo zili ndi masiku 90, kotero kusankha pakati pa 11770 ndi 11771 kumasintha ngakhale mmene miyezi itatu yotsatira idzalembedwere. Monga pa kung'amba paja, CPT sinaike muyeso wa masentimita kapena chiwerengero cha tinjira chosiyanitsa atatuwa, ndipo chimene chimatsala ndi mawu a dokotala. Mutu wa lipoti lathu unangoti kuchotsa matenda a pilonidal ndi cleft lift, njira yotsekera bala pophwatalitsa mpata wa pakati pa matako, ndipo ndikuganiza kuti wounika sanapitirire kwenikweni mutuwo. Mkati mwake munali zimene ndinazifuna: tinjira tiwiri totsatidwa ndi kachitsulo kofufuzira mpaka kumapeto kwake, chipsera cholimba cha kung'amba koyamba chimene chinachotsedwa pamodzi ndi zonse, kudula kofika pa nembanemba yokuta fupa, kapaipi kotulutsa madzi kosiyidwa mkati, ndi kusoka m'magawo atatu. Ndinalemba apilo yotchula ndime iliyonse ndi mzere wake, n'kuikapo L05.92 ndi kufotokoza chifukwa chimene khodi ya matenda yasinthira, ndipo pa 11772 sindinakayike.

Pa 14001 ndinakana kuchita apilo, ndipo apa ndi pamene tinasiyana maganizo ndi adokotala. Iwo anandiuza kuti cleft lift ya Bascom, monganso njira ya Karydakis ya mu 1973 imene inaitsogolera, imadziwika ponseponse kuti ndi opaleshoni yosuntha chikopa, popeza cholinga chake ndi kuphwatalitsa mpata ndi kuchotsa msoko pa mzere wa pakati pamene mabala sapola msanga. Ndinawayankha kuti pa za chipatala iwo ndiwo akudziwa ndipo sindikutsutsa, koma kuti ine ndimaika khodi pa zimene zalembedwa. Malangizo a CPT a gulu la 14000 amanena zinthu ziwiri zimene lipoti lathu silinakwaniritse. Choyamba, kumasula khungu chapansi kuti lifike potseka bala, popanda kudula kwina kowonjezera, sikuwerengedwa ngati kusuntha chikopa, ndipo lipoti linangonena kuti khungu la kumanja linamasulidwa n'kukokedwa kuwoloka mzere wa pakati, osafotokoza mmene chigamba cha chikopacho chinajambulidwira kapena kudulidwira. Chachiwiri, khodi imasankhidwa ndi kukula kwa malo, pophatikiza bala lotsala atachotsa matenda ndi bala lobwera chifukwa chopanga chigambacho: pa thunthu la thupi 14000 imafika masikweya sentimita 10, 14001 imayambira pa 10.1 mpaka 30, ndipo kuyambira 30.1 mpaka 60 ndi 14301, pamene 14302 imawonjezedwa pa masikweya sentimita 30 aliwonse opitirira apo. M'lipoti munalibe muyeso ngakhale umodzi.

Ndinatumiza funso lolembedwa kwa adokotala, losawalozera yankho, longofunsa ngati anayeza mabalawo pa tsiku la opaleshoni ndiponso ngati panali kudula kwina kupatula kochotsera matenda. Anayankha moona mtima kuti sanayeze ndipo sangakumbukire. Kenaka anandifunsa ngati sitingagwiritse ntchito lipoti la ku labotale, limene linatchula chidutswa cha masentimita 8 m'litali ndi 3.5 m'lifupi. Labotale imatumiza pempho lakelake, ndipo chidutswa cha pilonidal chimalembedwa ndi 88304, koma muyeso wake si muyeso wa bala: mnofu umakhwinyata ukachotsedwa m'thupi ndi kuikidwa mu formalin, mankhwala osungiramo mnofu, ndipo chidutswacho sichinena kanthu za bala lachiwiri. Kuwonjezera apo, 8 kuchulukitsa ndi 3.5 ndi 28, pafupi kwambiri ndi malire a 30, ndiye kuti kungoyerekeza kukanatha kutigwetsera ku 14001 kapena ku 14301 malinga ndi amene akuyerekezayo. Chowonjezera pa lipoti, chokhala ndi deti ndi siginecha, n'chololedwa pamene dokotala akukumbukiradi chinthu chimene anaiwala kulemba, koma nambala yopangidwa miyezi iwiri itadutsa, inshuwalansi itakana kale, ndiyo imasandutsa nkhani ya malipiro kukhala nkhani ya chinyengo. Funso lina, lakuti 11772 ndi khodi ya kusuntha chikopa zingalipidwe limodzi pa malo amodzi, limayankhidwa ndi tebulo la NCCI la miyezi itatu imene opaleshoni inachitikira pamodzi ndi malamulo a kampaniyo, koma sitinafikepo chifukwa khodi yachiwiriyo inagwa isanayambe kuyenda. Ndikhulupirira kuti adokotala anagwiradi ntchito yoposa imene analipidwa, ndipo ndinawauza choncho.

Kubwerera ku fiyeta

Pa tsiku 68, masiku 16 opaleshoni itachitika, wodwala anabweranso kumunsi kwa msoko kutatupa ndi kutuluka mafinya. Anapita naye ku fiyeta, kumene adokotala anamasula ulusi wina, anakhetsa mafinya amene anali pansi pa khungu osafika pa nembanemba, anatsuka n'kusiya gawo la balalo lotseguka. Ofesi inatumiza 10081 ndi modifier 58 ndi L05.01, ndipo pempholi linaimitsidwa podikira zolemba.

Zinthu zitatu zonsezo zinali zolakwika, ndipo gwero lake linali limodzi, kuganiza kuti mafinya pamalo amenewo ndiye kuti matenda a pilonidal abwerera. Kathumba ndi tinjira zinali zitachotsedwa kale, ndipo lipoti linatchula matenda a bala la opaleshoni. Khodi ya ntchito yotere ndi 10180, ndipo ya matenda ndi T81.41XA, ya tizilombo tolowa m'bala la opaleshoni chapamwamba, imodzi mwa makhodi amene anagawidwa motero kuyambira pa 1 Okutobala 2018. Mafinyawo akanafika mkati ikanakhala T81.42XA. Labotale inapeza tizilombo ta Staphylococcus aureus timene timamva mankhwala a methicillin, choncho ndinawonjezera B95.61 pambuyo pake.

Modifier yoyenera inali 78, ya kubwerera ku fiyeta kosakonzekera pa vuto lokhudza opaleshoni yoyamba. Kusiyana kwake ndi 58 n'kwa ndalama zenizeni, pakuti 58 imalipidwa mtengo wonse n'kuyambitsa masiku atsopano a chisamaliro, pamene 78 imalipidwa gawo la opaleshoni yokhayo ndipo masiku 90 a yoyamba amangopitirira, pano mpaka tsiku 142. N'chifukwa chake 58 ikaikidwa pamalo pa 78 ounika saiona ngati kuterereka kwa chala. Malo amene ntchito inachitikira nawonso ndi ofunika: pa malamulo a Medicare, vuto la pambuyo pa opaleshoni likathandizidwa m'chipinda wamba chothandiziramo odwala, pabedi la wodwala kapena mu ofesi, lili kale m'malipiro a opaleshoni yoyamba, ndipo limalipidwa padera pokhapokha wodwala akabwerera ku fiyeta kapena chipinda china chokonzedwera opaleshoni. CPT payokha ndi yofewa pa mfundoyi, chifukwa mtolo wake wa malipiro a opaleshoni umaphatikiza chisamaliro cha nthawi zonse chokha, koma mgwirizano wathu unasankha Medicare. Ndinaikapo pepala la ku fiyeta ndi la dokotala wogonetsa kuti malowo asakayikitse. Maulendo asanu ndi limodzi otsatira osinthitsa bandeji onse analembedwa ndi 99024.

Zimene zinatumizidwa ndi zotsatira zake

Mapempho a tsiku 0 ndi tsiku 68 ndinawatumiza ngati olowa m'malo mwa akale, poika nambala 7 m'bokosi 22 la fomu ya CMS-1500 pamodzi ndi nambala ya pempho loyambirira, chifukwa kutumiza latsopano popanda zimenezi kumangobweretsa kukana kwakuti pempho labwerezedwa. La tsiku 0 linatsitsidwa kukhala 10080, ndipo kampani inadula kusiyana kwake pa malipiro otsatira. Woyang'anira ofesi anandifunsa chifukwa chimene tikudzutsira pempho limene palibe anadandaula nalo. Ndinamufotokozera kuti pa Medicare ndi Medicaid, inshuwalansi ya boma ya ovutika, lamulo la mu 2010 limapereka masiku 60 obwezera ndalama zolipidwa mopitirira zikadziwika, kuti mgwirizano wathu ndi kampaniyi unali ndi ndime yofanana nalo, ndiponso kuti zolemba za tsiku 0 zinali kale m'gulu la mapepala amene tinatumiza pa apilo, kumene wounika aliyense watcheru akanaziona.

Apilo ya 11772 inavomerezedwa, 10180 yokhala ndi modifier 78 inalipidwa pa mtengo wotsitsidwa monga tinayembekezera, 99213 ya tsiku 4 ndi 14001 zinafafanizidwa m'mabuku athu, ndipo wodwala anabwezeredwa ndalama imene analipira pa khomo. Adokotala anavomera kuti fomu yawo ya lipoti la opaleshoni ikhale ndi malo olembapo ngati pali mafinya kapena ayi, chiwerengero cha timabowo ndi tinjira, kuya kwa kudula, mmene chigamba cha chikopa chinadulidwira, ndi muyeso wa mabala onse awiri wotengedwa ndi rula asanayambe kusoka. Ndinapempha kuti mawu akuti simple, extensive ndi complicated achotsedwe pa pepala lochongapo, kuti asankhidwe pambuyo powerenga lipoti.

Wodwalayo anaonedwanso pa tsiku 150, masiku 90 aja atatha, bala litapola. Kuonana kumeneku kunalembedwa ndi 99212, ndipo popeza panalibenso matenda oti athandizidwe, makhodi ake anali Z09, ya kupimidwa chithandizo chitatha, ndi Z87.2, ya mbiri ya matenda a khungu, osati L05. Adokotala analangiza kuchotsa tsitsi la pamalopo ndi laser pofuna kuchepetsa kubwereranso kwa matendawa. Khodi 17380 ndi ya electrolysis, kuchotsa tsitsi ndi magetsi, ndipo singabwerekedwe pa laser, choncho pempho la chilolezo linapita ndi 17999, khodi ya ntchito za pakhungu zopanda khodi yakeyake, pamodzi ndi kalata ya adokotala yofotokoza opaleshoni zitatu zimene mnyamatayu wadutsamo, ndipo palibe tsiku la laser limene lidzakonzedwe yankho lolembedwa lisanalowe mu failo.